Kanema wa Lachiwiri

Lachiwiri matikiti amatsika mtengo,
ndiye ndinalowa, ine Eleuterio Pardo,
jekete likununkha nsomba za padoko la Valparaíso.
Ndinalipira mipando iwiri monga kale.
Mtsikana wapawindo sanafunse za mnzangayo.

Magetsi atazima
pachinsalu panabwera anyamata ometedwa mpala,
nyumba yosungira ana opanda kwawo, khonde lalitali,
ndi bambo womangirira makiyi m'chiuno.
Ndisanaone nkhope yake ndinamva makiyiwo,
ngwere, ngwere,
m'mimba mwanga munachita zii
ngati ndabwerera ku zaka zisanu ndi zinayi.

Koma anaphonya, opanga kanemawa.
Ana awo akulira mokweza, nyimbo ikuwaperekeza.
Ife sitinkalira.
Tinkawerenga mapazi mumdima:
khumi ndi awiri kufika pabedi la Nibaldo,
khumi ndi asanu kufika pa langa.
Akaima pa khumi ndi awiri
ndinkathokoza Mulungu.
Ichi sindinaululepo ngakhale kwa wansembe.

Kukacha Nibaldo ankanyema buledi wake
n'kundikankhira mbali yaikulu
osandiyang'ana m'maso.
Ankadziwa kuti ndimawerenga.
Naye ankawerenga.

M'kanemamo anyamata akula, avala makhothi akuda,
kukugwa mvula, mfuti ili m'manja,
woipayo wagwada, wakumbukira zonse, akupepesa.
Anthu m'holo akuwomba m'manja.
Wina kumbuyo kwanga wakuwa kuti, mmalize!

Ife kunalibe mvula.
Linali Loweruka, dzuwa lili phwee,
pamasitepe otsika phiri la Cordillera,
zaka makumi awiri ndi zitatu zitapita.
Don Hermógenes ankatsika pang'onopang'ono,
thumba la malalanje kudzanja ili, ndodo kudzanja ilo,
msana utapindika, makiyi kulibe.
Nibaldo anavula chipewa. Mwandizindikira, bambo?
Mkuluyo anatsinzina diso limodzi, n'kumwetulira.
Pepani mwanawe, ndinu mwana wa ndani?

Sanamukumbuke.
Mpaka lero ndimati akanakumbuka
mwina bwenzi atakafika kunyumba.

Dzanja limodzi basi, losatambasuka n'komwe.
Malalanje ndiwo anatenga nthawi,
kudumpha sitepe ndi sitepe mpaka kumsewu
kumene ana ankawatola akuseka.

Kukhothi ndinaika dzanja pa Baibulo.
Ndinati tinali limodzi ku Portales tsiku lonse
tikusoka maukonde mpaka mdima.
Ndinatchula mtundu wa ulusi, ndinatchula galu amene anatiba nyambo.
Woweruza analemba, n'kugwedeza mutu.
Bodza limenelo ndiye buledi amene ndinabweza,
ndipo sindinaonepo kuti lakwanira.

Kanema samaonetsa za pambuyo pake.
Nibaldo sanayambe kugona tulo.
Ankatsekerabe chitseko ndi mpando,
mkazi wake anatopa n'kupita ku Quillota,
malalanje sanawalawenso.
Tinkakumana Lachiwiri lililonse muno
chifukwa muno anthu awiri angakhale phee maola awiri
popanda wofunsa kuti kwagwanji.
Chifuwa chinamutenga mu Julaye, kukuzizira.
Pamaliro tinalipo anayi, kuwerengera wokumba manda.

Pachinsalu abwenzi aja akukweza matambula.
Mayina akukwera m'mwamba, oyera pa chakuda.
Ndinawerenga onse,
mpaka wophika tiyi, mpaka woyendetsa galimoto,
ngati ndingapezemo lake.

Magetsi anayaka.
Mnyamata wosesa mbuliwuli anaima pamzere wanga.
Mwaikonda, bambo?
Ndinati makiyi aja anawatha.
Sanamve, anaseka mwaulemu,
n'kupempha ndichotse chipewa pampando winawo
kuti asese pansi.

Chipewa cha Nibaldo. Ndinachinyamula.
Panja chifunga chinali chitakwera kuchokera kunyanja,
zikepe zokweza anthu kuphiri zitatseka kale.
Ndinakwera wapansi, mawondo akulira,
pakamwa pakuwerenga pokha.
Pa khumi ndi awiri ndinaima,
ndinaima nthawi yaitali,
kenako ndinaponda atatu otsalawo.