Paipi ya M'khosi

Lachiwiri kapu ya tiyi inawapulumuka m'dzanja,
pakamwa panapotoka kwa mphindi zisanu
kenaka panawongoka pokha.
Bambo anaseka: ndi tulo chabe, Elube.
Sitinaseke nawo.

Ku Gulupu a dokotala Sauzande anatembenuza pepala
najambula kumbuyo kwake mtsempha wa m'khosi,
wa mphanda ngati legeni,
nadetsa ndi bolopeni pamene mafuta aunjikana.
Magazi opita ku ubongo, anatero, akupanikizana apa
ngati maminibasi pa Chichiri nthawi yoweruka.

Njira zilipo ziwiri.
Ina ndi mpeni: kucheka khosi, kutsegula mtsemphawo,
kupala zonse, kusoka.
Chipsera chimatsala, mawu atha kusasa,
ndipo mtima wotopa nthawi zina umanyanyala.
Ina ndi kawaya kolukidwa ngati mono,
kolowera m'mphechepeche, kukwera mwakachetechete
mpaka kukatambasuka pomwe pathina.
Bala lake ngati diso la nkhuku.
Koma nyenyeswa ikathothoka panjira
imakaima ku ubongo,
ndipo pa zaka zanuzi, a Makwinja, chimenecho timachiopa.

Achimwene ali pa foni kuchokera ku Joni:
musalole awadule, ndalama ndisaka,
kaya kawayako n'kokatsatira kunja, ndisaka.
Amayi sakuyankhula.
Akupinda ndi kupindula buku la kuchipatala
mpaka chikuto chathetheka.

Bambo awa akumba mapaipi zaka makumi atatu ndi zinayi,
Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni yense,
manja awo amadziwa dzimbiri kuposa sopo.
Anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali.
Paipi yotsekeka, anatero, sindinkaitokosa ndi waya,
zinyalala zimangosamukira kwa aneba.
Ndinkaidula, ndione ndi maso anga.
Anakhala chete, nakhudza kolala ya malaya.
Komatu inali paipi ya eni,
ndipo madzi ndinkayamba ndatseka.

Nafenso timatseka, a dokotala anayankha,
kwa kanthawi.
Kanthawi kotalika bwanji?
Funsolo ndinafunsa ndine, mawu anga akunjenjemera,
ndipo namwino anatsegula zenera
ngakhale kunja kunali chiperoni.

Anatipatsa mapiritsi ndi masiku atatu oganiza.

Mu minibasi kondakitala akukuwa za chenje,
mwana wa eni akulira, wailesi ikulengeza maliro,
bambo ayika zala ziwiri pansi pa chibwano
atapendeketsa mutu,
monga ankachitira ndi kamtengo kawo pa msewu usiku
kumvetsera pamene madzi akuthawira pansi pa phula.

Mukumva chiyani? ndinanong'ona.
Akudutsabe, anatero. Movutika, koma akudutsa.

Kunyumba mpopi wa panja ukudontha kuyambira Lamulungu.
Anaima pomwepo, pepala la a dokotala lili m'thumba,
nawerenga madontho mpaka khumi ndi awiri.
Elube, tanditengera sipanala.
Ndipo uwaimbire achimwene ako,
uwauze kuti chipsera sindichiopa.