Gulu Lachinayi

Ku Brno chisanu chimaluma zala,
koma Radomír sayamba ndi magolovesi.
Amayamba ndi mandala obiriwira aja.

Pachitseko anamatapo nambala 4.
Ine, wophunzira wa sabata ziwiri, ndinaseka:
"Nanga kuwala kwakeko kuli kuti? Sindikukuona."

Anatsinzina lamanja, nandipenya ndi lamanzere.
"Pamene pali mphuno yakopo
ine ndikuona kadontho kakuda.
Kanabwera kopanda ululu, Lachitatu lina,
kuwala kutanjanja pa sipanala
imene ndinaiwala patebulo.
Chikope chinachedwa. Chimachedwa nthawi zonse."

Makina a leza anang'ung'udza.
Chitsulo chinagonja, mzere wopyapyala,
kautsi pang'ono.

Madzulo, m'tiramu,
ndinawerenga nyali za mumzinda
ndi diso limodzi, kenaka linalo,
ngati ndalama za mwini
zimene ndangosungitsidwa.