Wapakhomo wa ku Antiokeya

Ndine Zabidai, wofufuta zikopa.
Manja anga amanunkha ngakhale nditasamba katatu,
n'chifukwa chake anandiika pakhomo,
kutali ndi mkate.
Sindidandaula. Ine ndi mpiringidzo timadziwana.

Usiku wa tsiku loyamba la sabata,
m'kanjira ka kuseri kwa msika,
agalu akatopa kuuwa ngamila,
abale amafika mmodzimmodzi
ngati madontho a denga lothonya.

Woyamba amakhala Akime wogulitsa nkhuyu.
Sagogoda, amangokanda chitseko ndi chikhadabo:
Shilama.
Liwu limenelo ndinayamwira.
Mayi ankalinena ataweramira mphero,
Chiaramu cha kumapiri, cha fumbi pakhosi.
Akuti Mphunzitsi mwiniwake ankayankhula chomwechi,
ankapempha nacho madzi pa chitsime,
ankadzutsa nacho anzake ogona.
Ine sindinamuone.
Ndinamva kwa amene anamva.

Kenako mkulu Yoezere, ndodo patsogolo.
Shalomu,
amalikoka liwulo ngati akutambasula mpukutu.
Chiheberi chake amachisunga ngati mafuta odzozera,
osati okazingira nsomba.
Moni wake ndi wa Akime n'ngobadwa bere limodzi,
koma awiriwa angakangane kuti wamkulu ndani
mpaka tambala woyamba.

Agiriki amafika nkhani zili kale pakamwa.
Eirene, m'bale! akutero Nikandoro wopala matabwa,
utuchi uli mbuu m'tsitsi.
Chinenero chawo n'chosalala ngati mwala wa mu Oronte,
ndicho timawerengera makalata ochokera kutali,
ndichonso amatilonjerera ngongole.
Ndinachiphunzira ndevu zitamera kale,
mpaka lero chimanditerera pa lilime.

Wahabu wa ngamila amangoti Salamu,
n'kukagona pakona nyimbo isanathe.

Koma dzana kunamveka nsapato za misomali.
Ndinazimva zisanakhote pa chitsime.
Wofufuta zikopa salakwitsa fungo la lamba wa msilikali.
Go, go.
Kenako:
Pakisi.

Liwu limenelonso ndimalidziwa.
Analinena tsiku lomwe anamasula bulu wathu pamtengo,
analinena posenzetsa mng'ono wanga Gadiya katundu wawo
ulendo wa kumpoto.
Chaka chino n'cha khumi ndi chimodzi.
Mtendere wa Chilatini ndinkauona ukuyenda
mkondo uli paphewa.

Ndinagwira mpiringidzo, osausuntha.
M'katimo anali atayamba kunyema mkate.

Kunjako kunali kupuma kwa munthu mmodzi, osati gulu.
Anayesa Chigiriki chothyokathyoka.
Ine duu.
Nsapato zinabwerera masitepe awiri, zinaima.
Ndiye pang'onopang'ono,
ngati mwana wonyamula dzira koyamba:
Si... silama.

Analiphonya.
Shi uja anamukanika, anatuluka ngati mluzu wa mano ogweluka.
Koma alipo amene anamuphunzitsa,
kaya wandende amene ankamulondera usiku,
kaya mkazi wochapa zovala,
ndipo iye analinyamula m'kamwa
kudutsa mzinda wonse.

Ndinatsegula pang'ono, mpata wa diso limodzi.
Kamnyamata. Chisoti m'khwapa,
ziphuphu pachibwano,
wamng'ono kuposa Gadiya tsiku lija.
Vibiyo, anatero, akudziloza pachifuwa.

Ndinafuna kumuyankha m'chinenero cha mayi,
kuti amve mmene chimamvekera chikakhala kwawo.
Pakamwa panatuluka china.
Pakisi, ndinatero,
ndipo linandiwawa ngati dzino lozulidwa ndi mizu.

Analowa chowerama, khomo lathu n'lalifupi.
Nyimbo inaduka.
Akime anabisa dengu kumbuyo.
Yoezere anamuyang'ana nthawi yaitali,
kenako anasendeza ndodo yake pamphasa,
malo okwana munthu mmodzi woonda.

Ine ndinabwezera mpiringidzo.
Bulu sanabwerere, Gadiya sanabwerere,
ndipo sindikunena kuti mtima wanga wayera.
Koma sabata yamawa akadzagogodanso
ndidzamuimika kaye pakhomo,
ndimuonetse poika lilime
mpaka shi uja atuluke bwino.