Makoko a Mkuwa

Mashelefu a sitolo yathu ku Freedom Way
aphunzira kusala kudya.
Pomwe pankakhala zitini za wonga
patsala timabwalo m'fumbi,
mapazi a alendo amene anachoka osatsanzika.

Ine ntchito yanga ndi buku.
Ndimalemba dzina, nambala ya laisensi,
kenako mawu amodzimodzi omwe aja: akudikira.
Bolopeni yachitatu tsopano chiyambire mvula.

A Nkhuwa a ku Chongwe amabwera Lachiwiri.
Nguluwe zawadyera chimanga mpaka pakhonde.
Amakhutula sokosi patebulo,
makoko a zipolopolo n'kugubuduka, ngwee, ngwee,
makumi anayi kudza asanu ndi awiri,
onse otsukidwa, owala ngati mano a mkwati.
Lililonse amalidziwa:
ili linagwetsa fisi chaka cha chilala,
ili lang'aluka pakhosi, lakalamba ngati ine,
koma kulitaya ayi.

Mtovu ali nawo. Manja ali nawo,
ngakhale ayamba kunjenjemera.
Chosowa ndi fataki,
kanthu kochepa ngati njere ya mapira,
kambewu ka moto kokhala kunsi kwa khoko.
Popanda iko mfuti ndi ndodo chabe,
yoyenera kugwetsera mango.

Abwana anga a Msimuko amaimba foni.
Lole ili pa Chirundu, akutero.
Mwezi watha inali pa Chirundu.
Mwina yamera mizu, mwina yakwatira komweko.
Pepala lina likusowa chidindo,
dola yakwera usiku tili m'tulo,
ndipo kutsidya kwa nyanja, akuti,
eni fakitale ali ndi nkhondo zawo zoti adyetse.

Madzulo ndikaima pa Kafue Road kudikira basi
ndimawerenga malole opita kummwera,
olemedwa mpaka matayala kulira.
Mkuwa wathu umenewo.
Umadutsa pamphuno pathu utafunda tenti,
osapereka moni.
Ukadzabwera udzakhala utavala katoni,
ukulankhula chilankhulo china,
mtengo wake wofuna kugulitsa mbuzi.

Ndiye dzana kunabwera Zondiwe,
mnyamata wa ku Chinika, wa girisi m'zikhadabo,
amene amasula mabawuti a zigayo.
Anatsegula mpango pang'onopang'ono
ngati muli dzira la njiwa.
Khoko limodzi. Lopangidwa kuno.
Lachinayi, iye akuti, atatu oyamba anapindika
magetsi atazima makina ali pakati pa ntchito.

A Msimuko analiyeza, nalitembenuza,
naliyang'ana padzuwa la pakhomo.
Anakhala chete nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi.
Kenako: Chilolezo uli nacho?
Zondiwe anaseka, nati ofesi yake
imatsegulidwa mawa, tsiku lililonse mawa.
Nanga kabowo aka udzaikamo chiyani?
Apo sanaseke.

Sindidziwa ngati ndikufuna kuti mzinda uno
uphunzire kuumba moto wakewake.
Mlongo wanga anagona ku Chingwere
chifukwa cha kanthu kolemera ngati ndalama yachitsulo,
ndipo sindinafunse kuti kanapangidwa kuti.
Koma ndaonanso a Nkhuwa akubweza makoko m'sokosi,
limodzilimodzi,
ngati munthu wowerenga ana pamaliro.

Khoko la Zondiwe anandisiyira.
Lili m'dirowa, pamodzi ndi mapini ndi lisiti zakale.
Masana kukakhala zii, makasitomala kulibe,
ndimalitulutsa, n'kuliika pamlomo,
n'kuuzira mpweya pakamwa pake.
Limalira ngati kambalame.

Mlonda wa pakhomo amatembenuka,
kufunafuna m'mwamba mwa mawaya.
Ine ndimatsegula buku,
tsamba latsopano,
n'kulemba deti.