Mawu Amene Anatsala

Sitiroko itawagwetsa m'bafa Lachinayi lija,
bambo anga, a Wilf Garbutt a ku Hull,
anatsitsimuka dzina langa litawathawa.
Supuni, zenera, tiyi, Lamulungu,
zonse zinagwa ngati makobidi m'thumba lobooka.
M'kamwa munatsala mawu owerengeka,
onunkha mchere ndi dizilo.

Mtsikana wa kuchipatala, Imogen, amabwera ndi makadi.
Pakhadi ajambulapo munthu, chingwe kumanja.
"Akutani uyu, a Garbutt? Nenani: pull."
Bambo kupukusa mutu,
dzanja lamoyo lija pha! pa tebulo.
"Haul," akutero, dovu lili pachibwano. "Haul."
Imogen akulemba m'buku kuti aphonya.

Sanaphonye, mwana iwe.
Pull ndi la chitseko cha sitolo,
la mpando, la katani;
ngakhale mwana woyamwa amalitha.
Haul ndi khoka lodzaza likuvuuka m'nyanja ya Iceland
usiku wokana kucha,
chingwe chitaundana, chikudya zikhatho,
amuna asanu ndi atatu, msana umodzi.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi anakoka chomwecho
kuti ine ndipite kusukulu nditavala nsapato.

Ndikamawavula, malaya n'kukakamira pachigongono,
amati "tug,"
kakukoka kakafupi,
ka mwana wofuna kuti amake acheuke.
Ndikapupuluma, "yank!" diso lili psu,
ndiye kuti ndatsomphola, ndawapweteka.
Mwendo wakufawo akamaukhwekhwereza pa kapeti
amaung'ung'udzira, "drag, drag,"
ndi liwu lomwe ankatukwanira kapitawo wina
amene anawadyera malipiro ine ndisanabadwe.

Strain ndinalimva nditaima kunja kwa chimbudzi,
chipumi nditatsamiritsa pachitseko.
Za limeneli ndilekere pomwepa.

Toil salitchula, ndipo sankalitchula ndi kale.
Ankati n'la abusa, anthu a manja osalala,
loimba pamaliro a omira,
pamene bokosi palibe, pali chithunzi ndi maluwa basi.
Lawo linali graft,
lalifupi ngati ndudu yosuta pamphepo.
Akalinena lero amaloza ine,
mbale ndili nazo m'manja,
ndipo sindidziwa ngati akundiyamika
kapena akundiuza kuti ndisaime.

Koma struggle!
Limenelo limawapinda.
"Str... str..." mitsempha ya m'khosi njo,
thukuta kamukamu pamphuno,
lilime likuterereka ngati nsapato pa ayezi.
Imogen akuti, "Pumulani, tiyesanso mawa."
Iwo ayi. Aligwira pakhosi, nalonso lawagwira.
Sanalimalizepo n'kamodzi komwe,
koma ndani mu msewu wathu uno
analinenapo momveka kuposa apa?

M'mawa, kunja kukadali mdima,
mvula ikuwaza pazenera, basi yoyamba ikudutsa yopanda anthu,
ndimalowetsa mkono kukhwapa kwawo,
bondo langa kutsekereza bondo lawo.
Kuwerenga anaiwala;
wani, thuu, fili zinamira pamodzi ndi zina zija.
Amangokoka mpweya,
chifuwa n'kukwera ngati funde,
kenako kuchokera pansi pa mimba:
"Heave!"

Liwu lomweli, ankatero kale,
ndi la nyanja ikamatukumuka,
ndi la mnyamata wachilendo akamasanza pa sitima,
ndi la chifuwa cha mkazi amene walandira uthenga padoko.
Lero ndi la ife awiri,
thupi lolemera ngati thumba la malasha
likuchoka pa bedi pang'onopang'ono,
msana wanga ukulira,
mpaka taima, wefuwefu, mphumi kugundana.

Amandiyang'ana nthawi yaitali,
akufufuza m'madzi akuda aja.
Chimene amavuula si dzina langa.
"Stan," amatero,
mnzawo amene funde linamulanda pachingwe
ali ndi zaka makumi awiri.

Ine ndine Glenda.
Koma ndimavomera,
n'kugwiritsa.