Mpeni wa M'thaulo

Anafika Lachiwiri, mvumbi utaigwira pakhosi Sheffield,
Mayi Hollinshead, ambulera yawo yothyoka nthiti imodzi.
Anaika pathebulo langa kanthu kokulunga m'thaulo
monga akulungira khanda lobadwa masiku asanakwane.
"Unali wa mlongo wanga," anatero.
"Ndiuzeni ngati ndi wabwino."

Ine ndimanola mipeni ya ophika m'mahotela,
masizasi a ometa, mwa apo ndi apo nkhwangwa.
Koma ndinavalapo jombo ku Zomba zaka zisanu ndi zinayi,
ndipo dzanja siliiwala kulemera kwa chinthu chotere.

Sindinathamangire kuyesa kuthwa.
Kuthwa n'kwa lero lokha;
mwana aliyense wokhala ndi mwala angakupatseni.
Ndinayambira kumsana,
wochindikala ngati makobili awiri osanjikiza,
n'kutsata chitsulo ndi diso mpaka m'chigwiriro
kuti ndione ngati chikuthera panjira.
Ilipo mipeni ya mchira wa khoswe,
yonyezimira m'sitolo, yothyoka tsiku la mavuto.
Uwu chitsulo chake chinatulukira kuseri chathunthu,
misomali itatu itachiluma,
umodzi wokha ukugwedera ngati dzino la nkhalamba.

Ndinaugogoda pachopanira. Ngwee!
Unalira mpaka sitima ya mumsewu inadutsa panja.
Chitsulo chamng'alu chimayankha mwachidule
ngati munthu wobisa mlandu.

Ndinautsamiritsa pachala: unapendekera kutsogolo.
Wolemera mutu. Wodulira, osati wosendera.
Ndinatenga thabwa la paini lonyowa pakhomo,
kha! kha! kha! kakhumi, tizipalamandu tili mbwee,
kenaka n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete mwake.
Sunapindike. Sunabenthuke.

Mayiwo sanali kuyang'ana thabwa.
Ankayang'ana nkhope yanga.

Tsono ndinayatsa nyale n'kuyamba kuuwerenga.
Nsonga inathyokapo kale, wina n'kuisulanso ndi tupa,
mopanda luso koma modekha.
Apa anatsegulira zitini, mikwingwirima ikuchitira umboni.
Apa anakumbira dothi lamiyala.
Apa anakhomera zikhomo za tenti ndi kumbuyo kwake
mpaka chitsulo chinaphwatalala ngati chipumi cha hamala.
Pamimba panadyeka, panalowa m'kati:
ameneyu ankanola usiku uliwonse,
kaya mpeni wabuntha kaya ayi,
monga ena amasutira fodya podikira kucha.
Chimake chachikopa chinasokedwanso ndi waya wa foni.
Dzimbiri linangodontha timadontho titatu
pomwe chala chachikulu chinkakhala.

"Anaubweza m'bokosi," anatero,
"pamodzi ndi wotchi ndi masokosi awiri osiyana.
Zaka khumi ndi zinayi uli pamwamba pa kabati.
Ndimangofuna kudziwa ngati anamupatsa chinthu chenicheni."

Ndikanatha kuwanamiza mokoma,
koma wonola akanama, chala chake ndicho chimalipira.
Ndinati: Mayi, ndi wolemera kuposa muyeso,
chigwiriro chake chimaterera chikanyowa,
ndipo ndaonapo okongola kuuposa.
Koma sunamuthawe.
Chilichonse chimene anaupempha, unachita.
Adzaugwiritsa ntchito adzukulu a adzukulu anu
ngati sauiwala m'madzi.

Anagwedeza mutu kamodzi.
Ndinafunsa ngati ndiunole. Anakana.
"Musachotsepo kalikonse. Ananola yekha komaliza."

Choncho ndinangoudontheza mafuta,
n'kukhoma msomali wogwedera uja kawiri, pang'onopang'ono.
Anatulutsa mapaundi asanu; ndinawakankhira kwa iwo.
Anawasiyabe pansi pa kapu yanga ya tiyi.

Atapita ndinabwerera ku mipeni ya kuhotela,
makumi awiri, yofanana ngati mano a chipeso,
yopanda ndi chipsera chimodzi chomwe.
Mwala unazungulira, madzi akudontha.
Mpaka madzulo chikhato changa chinkanunkhabe
chikopa chakale ndi fumbi la dziko limene sindinafikeko.