Magetsi Atazima ku Kamuzu Road

Sabata yoyamba ndinkawotcherera ngati mbuzi yadutsapo,
timibulu, timibulu, pa chitseko cha eni ake.
A Kaphamtengo sanakalipe.
Anandilanda ndodo ya moto nandipatsa pensulo.

"Dzanja lako lilibe mlandu, Nasibeko.
Mutu ndi kambale kakang'ono.
Ukathiramo moto, liwiro, mantha ndi ngongole ya lendi,
china chitayikira pansi.
Lero usamale chimodzi chokha,
kampata ka pakati pa nsonga ndi chitsulo."

Ndinayendetsa pensulo pa katoni mpaka dzuwa kupendeka.

Lachitatu magetsi anazima.
Anyamata anathamangira pa chiwaya.
Ine anandikhazika pa thayala: "Tsinzina.
Yatsa makina a m'mutu mwako, amenewo sadya mayunitsi.
Ukumva chiyani?"
Ndinati ndikumva dzira likulira m'mafuta.
"Likasiya kulira, watalikira."

Ndikalakwitsa sankandiuza.
Ankaloza ndi mlomo, n'kudikira
mpaka nditapeza ndekha pamene dzanja linathamanga.
Ntchito ikayamba kukoma ankati weruka,
ubwere mawa, tulo natonso timawotcherera.
Ndinkaona ngati nkhanza.

Dzulo ndalumikiza ngolo ya bambo wina wa ku Khombedza
uku tikukangana za mtengo wa mpunga.
Nditachotsa chigoba kumaso
msoko unali utagona bwinobwino ngati mamba,
wopanda bowo ngakhale limodzi.
A Kaphamtengo anaugogoda ndi hamala, napita kukamwa tiyi.

Sindikudziwa kuti dzanjali linaphunzira liti.
Silinandiuze.